Mapiritsi a m'Chitenje cha Nafisa

Nafisa anabadwira kumapiri a Ntchisi, koma anthu amamudziwira pa Mponela, pomwe anakwatiwa ndi a Sabiti a golosale. Ndi mayi wosadziwa kukhala pansi. Manja akamayeza mchere, maso amakhala ali pamsewu, pakamwa pakukalipira mwana.

Matipate itangobwera, aliyense anayamba kugulitsa chimene wafuna. A Sabiti nawo anayamba kubisa mapiritsi pansi pa kauntala. Ankabwera nawo bambo wina wa panjinga, ndipo anali obedwa ku chipatala cha boma. "Ukadzangoyasamula za mapiritsiwa, ine ndikagona ku polisi," ankatero a Sabiti pomuchenjeza.

Dzinja lina malungo anawagwetsa a Sabiti. Nafisa anachita zomwe ankalangiza makasitomala: m'mawa kwinini, masana kwinini, osawerenga n'komwe. Mawa lake bamboyo anayamba kubwebweta, kenako anakomoka. Anathamangira nawo ku chipatala china ku Dowa, komwe anawagoneka m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

Namwino wa m'chipindamo, a Margareta, anafunsa akukoleka diripi: "Mayi, bambowa amwako kale mankhwala alionse?"

"Ayi."

"Ganizani bwino. Tikuyamba ndi kwinini wambiri nthawi imodzi. Ngati ali naye kale m'thupi, mtima ukhoza kuima."

"Sanamwe kanthu," anatero Nafisa, natuluka.

Pakhonde sanakhazikike. Anapita pa mpopi, osamwa madzi. Anabwerera, nasuzumira pawindo: madontho anali kugwa limodzilimodzi, kulowa m'mkono wa mwamuna wake. Mapiritsi otsala anali atawamangira pansonga ya chitenje, ndipo ankamugunda m'chiuno akamayenda. Mantha anamugwira zenizeni. Akanena, apolisi. Akapanda kunena, ndiye kuti wapha bambo wa ana ake ndi pakamwa pomwepa.

Analowa osaodira, namasula mfundo ija pamaso pa namwino. "Ndinanama ine, mayi! Tsekani chimenecho!"

A Margareta anatseka diripi kaye, mafunso pambuyo: anamwa angati, anamaliza liti. Dokotala atabwera anachepetsa mlingo wa mankhwala, ndipo ankamvetsera mtima wa wodwalayo pafupipafupi. Koma naye ali ndi maso, mapiritsiwo anawazindikira kuti ndi a boma.

A Sabiti anatsitsimuka, nabwerera kunyumba. Apolisi nawo sanachedwe: anasesa pansi pa kauntala, ndipo mwini golosale anakagonadi komwe ankaopa kuja. Atatuluka sanamulankhule Nafisa mpaka anthu kumaliza kukolola. Akafuna tiyi ankatuma Nuria, mwana wawo, mkaziyo ali pomwepo.

Nafisa zinamupweteka kwambiri, koma sanapepese. Lero munthu akafuna mapiritsi pagolosalepo, Nafisa amangomulozera njira ya ku chipatala. Amayi anzake akamufunsa chomwe anaululira, amayankha akupukuta sikelo: "Munthu wondikwiyira ndimamuphikira, amadya. Akanapita kumanda ndikanaphikira ndani?"