Tikiti 4,613

A Magdalena anabadwira pa esiteti, makolo awo atathawa kudziko la Apwitikizi. Moyo wawo wonse sanalembedwepo ntchito. Wolembedwa anali mwamuna wawo, a Bizwick, amene ankavala m'khosi kachitsulo ka tikiti ya ntchito, nambala 4,613. Komabe nyengo ya mbewu ikafika, akazi a anthu olembedwa ankaitanidwa ku nazale kukasankha njere za tiyi. Ankazithira m'diramu la madzi, zomira n'kusunga, zoyandama n'kutaya. Ntchito imeneyi inalibe tikiti. Ankangoti ndi mbali ya thangata ya mwamuna.

Mu 1951, mitambo itayamba kusonkhana, kapitawo analengeza kuti pakufunika amuna okagwetsa nkhalango kuseri kwa Mphuka, ndipo akakhala komweko dzinja lonse. Poopa zoti wina wakonderedwa, mzungu woyang'anira esiteti analamula kuti apite aliyense amene nambala yake igawika ndi seveni popanda chotsala. Mayina anali oti atchulidwa Lolemba.

A Magdalena anali ndi pakati potopa, ndipo munda wawo unali usanalimidwe.

"Musadzivute, amake Hazel," anatero a Bizwick. "Yanga imathera firii. Ndi mbeta imeneyo, ilibe mnzake. Pawiri pokha sigawika, nanji seveni?"

"Nanga twente-wani, abambo? Nayo si mbeta? Suja imalowa m'maseveni atatu?"

"Iii! Uticha mwauyamba liti?"

Kutacha, ku nazale, a Magdalena anakhala pansi kuseri kwa diramu. Masamu a pepala sankawadziwa, koma njere zinalipo. Anawerenga njere handiredi n'kuziika m'timilu ta seveni. Timilu tinakwana 14, njere ziwiri n'kutsala. Anabwerezanso, zinatsalanso ziwiri.

"Mlamu, mwayamba kuombeza ula?" anafunsa a Jean, mkazi wa mchimwene wawo, amene ankasankha nawo mbewu.

"Ndikufuna ndidziwe ngati ndilima ndekha."

A Jean anasiya kuseka, nakhala pansi.

A Magdalena anaona kuti kuwerenga njere zonse n'kudzitopetsa chabe. Handiredi iliyonse imasiya ziwiri, ndipo mu nambala ya amuna awo munali mahandiredi 46 ndi 13 zapamwamba. Anatapa ziwiriziwiri ka 46, zinakwana 92. Anaonjezapo 13 zija. Kenaka anayamba kuunjika maseveni, pang'onopang'ono. Njere imodzi yokha itatsala, a Bizwick sakanapita.

Kamulu ka 15 kanadzaza ndendende. M'manja munalibe kanthu.

A Jean anagubuduza njere imodzi ndi chala chakuphazi. "Onani, mlamu, yotsala nayi."

"Imeneyo kalaliki wolemba mayina sadzaiona," anayankha a Magdalena, naibweza m'dengu.

Atafika kunyumba anawauza amuna awo. A Bizwick anakwiya, nati njere si sukulu, ndipo anakana kupita kumunda ngati munthu wotsanzika. A Magdalena sanalimbane nawo. Anamanga nsalu pansi pa mimba, natenga khasu.

Lolemba dzina linatchulidwa. A Bizwick anakwera lole ndi bulangete ndi nkhwangwa, osayang'ana kumbuyo. Ku nazale a Magdalena ankaitanidwabe m'mawa uliwonse, poti thangata inali isanathe, choncho kumunda ankafikako dzuwa litapendeka. Mvula inawapeza atalima theka. Theka linalo linamera nsongole, ndipo mwana anabadwa nkhokwe ili pafupi kutha.