Fumbi Lachikasu pa Bulangete

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene akatekisiti a kwathu ku Kasina anandisankha kuti ndikawerenge pa Misa ya ana. Ndinavomera ndi mutu chabe. Vuto linali mphuno. Chaka chilichonse mapichesi akangochita maluwa, ndinkadzuka ndikuyetsemula, maso ali psuu, akuyabwa.

"Kambuzi kathu kadzuka," ankatero akulu anga, a Tereza.

Amayi ankati ndi chimfine. Ankandifukiza masamba a bulugamu, kundimwetsa madzi a mandimu, ndipo m'mawa uliwonse ankayanika bulangete langa pampanda wakuseri, pansi pa mitengo ya paini, kuti dzuwa liphe matenda. Koma zinkangoipiraipira. Akatekisiti anati ndikapanda kuchira pofika Loweruka, adzawerenga wina.

Ndinali ndi kakope kamene ndinkalembamo za tsiku lililonse. Lachitatu ndinakhala pakhonde n'kumawerenga masamba akumbuyo. Masiku awiri amene amayi anali kumaliro ku Kaphuka, bulangete silinatuluke panja, ndipo masiku omwewo ndinalemba kuti, "Lero mphuno zili phee." Ndinapita kumpanda n'kupukuta bulangetelo ndi chala. Chala chinasanduka chachikasu.

Kunena kunandivuta. Ndikanawauza bwanji amayi kuti chisamaliro chawo ndicho chinkandidwalitsa? Ndinangowatsegulira tsambalo n'kuwapatsa kakope, kamene ngakhale a Tereza anali asanakakhudzepo.

Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Kenaka anapita kukakutumula bulangete lija. Fumbi linauluka, ndipo iwo anayetsemula katatu.

"Tereza," anatero akupukuta misozi, "mbuzi zilipo ziwiri tsopano."

Analichapa tsiku lomwelo n'kuliyanika pachingwe m'nyumba. Zenera loyang'ana kumitengo tinkalitseka kukachita mphepo. Ndikaweruka kusukulu ndinkasamba kumaso ndi kumutu, ndipo posesa ndinkayamba ndawaza madzi. Mphuno sizinachiriretu, koma zinafatsa.

Lamulungu ndinawerenga mpaka kumapeto. Ndinayetsemula kamodzi kokha, nditakhala kale pansi.

Panopa ndili Fomu 3, ndipo ndinaphunzira kuti fumbi lija ndi mungu wa paini. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri n'china. Kakope konse kanali m'manja mwa amayi, muli madandaulo anga onse, ena onena za iwo amene. Anawerenga tsamba limodzi lokhalo, n'kutseka, n'kundibwezera ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo, chikandivuta kunena, ndimadziwa woti ndimutsegulire tsamba.