Msewu wa pa Nsalu

Achimwene anga anasiya kuona ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Anadwala kwambiri, ndipo atatsitsimuka pa bedi la kuchipatala anafunsa kuti wazimitsa magetsi ndani. Anali masana.

Analira mwezi umodzi, kenako anaphunzira kuluka mipando ndi zingwe zapulasitiki. Alamu anga, akazi awo, atatisiya, amuna anganso atatsatira patapita zaka zitatu, tinaona kuti palibe nzeru yoti aliyense azilira m'nyumba yakeyake. Anasamukira kwathu. Ine ndine telala. Makina anga ali pazenera la pabalaza, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawaona pazenerapo akutuluka ndi ndodo yawo yoyera, kolala ya malaya itaima ngati akupita ku ofesi.

Amagwira ntchito pakhonde la sitolo ya zipangizo zomangira, tsidya lina la msewu waukulu. Msewu umenewu ndiwo msana wa tauni yathu: masitolo mbali zonse, maminibasi, njinga, malole otsitsa katundu. Achimwene anauyenda okha zaka makumi awiri, ndipo wonse unali m'mutu mwawo. Akatuluka m'kanjira kathu ankakhotera kumtunda. Mapazi khumi ndi asanu, fungo la buledi. Mapazi makumi atatu, phokoso la owotcherera zitsulo. Mapazi makumi asanu ndi limodzi, bampu. Pamenepo ankaima n'kumamvetsera. Galimoto ikamatsika pa bampu imalira kawiri, ndipo iwo ankadziwa kuti yadekha, n'kuwoloka.

Pa owotchererapo panali bambo wina wa mawu ngati ng'ombe, amene aliyense amamutchula kuti Chiphaliwali. Tsiku ndi tsiku akawaona ankakuwa kuti, "Iwe mdala, waona chiyani lero?"

Achimwene ankaima nji, n'kutembenuka bwinobwino. "Ndaona kuti sunasambe."

"Waona bwanji?"

"Mphuno sizinafe ayi."

Mawu ake anali omwewo, koma onse awiri ankaseka ngati ayamba kumene. Ine ndinkati n'zachibwana kwa anthu a imvi.

Chaka chatha a khonsolo anatiitanira ku holo. Anati msewu waukulu aukonza pang'onopang'ono kwa zaka makumi awiri. Kudzakhala mayendedwe a anthu apansi, mitengo, magetsi owolokera, poimika mabasi pabwino. Gawo loyamba linali lokumba ngalande yaikulu ya madzi a mvula mbali imodzi, kuchotsa bampu, kusuntha powolokera kupita kumtunda pang'ono, ndi kusamutsira owotcherera kuseri kwa masitolo. Mayi wa mapulani anali ndi chithunzi chachikulu pakhoma, akuloza ndi kamtengo. "Apa padutsa ngalande. Apa mudziwolokera. Apa..."

Achimwene anakweza dzanja. "Pepani mayi, apa pake ndi pati?"

Anthu anaseka. Mayiyo sanaseke. Msonkhano utatha anabwera n'kukhala nafe, ndipo anayesetsa kufotokoza, koma mawu anachuluka. Tinabwerera kunyumba, achimwene ali patsogolo ndi ndodo yawo. Titafika pa bampu anaigunda ndi ndodo kawiri, monga momwe munthu amagogodera pakhomo la mnzake.

Mwana wawo wamkazi amakhala kutali, m'nyumba zosanja, pamwamba penipeni. Atamva anabwera Loweruka lomwelo.

"Azakhali, musandione ngati wankhanza," anandiuza tili kukhitchini. "Akangopunthwa kamodzi kokha, ndikubwera kudzawatenga. Kwathu kuli chipinda."

"Chipinda chili ndi chiyani?" anatero achimwene ali pabalaza. Makutu awo saphonya kanthu.

"Chili ndi bedi, bambo. Ndi wailesi."

"Ndiye ndizikaluka wailesiyo?"

"Kuli bwino mukhale osaluka kusiyana n'kuti tikakutoleni pa msewu."

Ndinkadziwa kuti mwanayo akunena zoona. Ndinkadziwanso kuti achimwene akakwera masitepe amenewo sadzatsikanso.

Ndinapemphera masiku angapo, ndipo nzeru imene inandibwerera inali ya ntchito yanga yomwe. Chithunzi chija anachiika m'galasi pakhoma la ofesi ya khonsolo. Ndinatenga pepala lopyapyala lija timadulira mapatani, ndinaligwira pagalasi, n'kutsata mizere yonse ndi pensulo. Mlonda anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, mukufuna kusoka diresi ya msewu?"

"Ngati imeneyo," ndinatero.

Kunyumba ndinatenga nsalu yolimba ya makatani. Ndinajambula mizere ija ndi choko, ndinaisoka ndi ulusi wokhuthala, kenako ndinatembenuza nsalu n'kuyamba kuikongoletsa kumaso kwake motsata ulusiwo. Msewu unali chingwe. Powolokera patsopano ndinaika mabatani anayi. Ngalande inali zipi yaitali yachitsulo, yozizira ukaikhudza, kuti chala chisaiwale. Tinjira ting'onoting'ono ndinatisiya, tinali tambiri.

Achimwene anaiyala pa maondo. Zala zawo zinayenda pang'onopang'ono, kutsika, kukwera.

"Uku ndi kumtunda?"

"Eya."

"Nanga ife tili pati, chemwali?"

Ndinaiwala nyumba yathu yomwe. Ndinaseka, ndinatenga batani lalikulu la jasi ya malemu amuna anga, n'kulisokerera pomwepo, nsalu ili pa maondo awo. Sindinayang'ane papepala. Munthu angasochere kwawo? Ukamakwera msewu, kwathu ndi kumanzere.

Anakhudza batani, anakhudza zipi. "Ndiye kuti ngalande ili tsidya lina. Mbali yathu ili bwino."

"Ili bwino."

"Ndingoongoka mpaka pa mabatani. Mapazi makumi asanu ndi atatu. Zovuta zili ndikawoloka." Anamwetulira, kumwetulira kumene ndinali ndisanakuone kuyambira tsiku la ku holo. "Wandibwezera maso, iwe."

Milungu iwiri yonse ankaiwerenga nsalu ija akabwera kuntchito, mpaka zipi inayamba kunyezimira.

Owotcherera anasamuka Lachisanu. Loweruka achimwene sanapite kuntchito, anali ndi chimfine. Tsiku lonse tinkamva makina akukumba chapatali. "Ayamba tsidya lija," anatero. Lamulungu tinapita kutchalitchi, koma tchalitchi chathu chili kumbuyo, sitidutsa pa msewu waukulu.

Lolemba anadzuka ali bwino. Anatuluka molawirira, anthu asanachuluke, kuti ayese njira yatsopano kopanda phokoso. Ndinafuna kuwaperekeza. Anakana.

"Ukandigwira dzanja lero, udzandigwira mpaka kumanda."

Ndinakhala pa makina. Ndinali ndi bulauzi ya kasitomala. Ndinayala nsalu, ndinajambula mkono ndi choko kuseri kwake, monga amachitira telala aliyense kuti choko chisaoneke. Ndinadula. Ndinatembenuza. Mkono umene unali kumanzere unagwera kumanja.

Ndachita zimenezi kwa zaka makumi atatu osaganizapo. Koma m'mawa umenewo ndinayang'ana mkono uja, ndipo ndinakumbukira nsalu ya msewu ija.

Msewu uja ndinaujambula kuseri kwa nsalu. Ndinautembenuza. Chilichonse cha kumanzere chinapita kumanja, kupatula batani la nyumba yathu, limene ndinaika pamtima. Ngalande sinali tsidya lina. Inali mbali yathu. Ndipo ndinali nditawauza achimwene kuti aongoke osaopa kanthu.

Sindikumbukira kuti ndinatuluka bwanji. Ndinazindikira ndili m'kanjira, wopanda nsapato, tepi yoyezera ili m'khosi. Ndinafuna kupemphera koma mawu onse anathawa, kunatsala limodzi lokha: Ambuye, Ambuye, Ambuye. Miyendo ya zaka zanga sithamanga, koma inathamanga. Mayi wina amene ankasesa pakhomo pake anandifunsa kuti kwagwanji. Ndinangodutsa.

Nditafika pa msewu ndinakhotera kumtunda. Ndinadutsa pa buledi. Ndipo ndinaiona. Inayambira pomwe panali owotcherera, yakuya kupitirira munthu, yotakata, m'mbali mwake moongoka ngati modula ndi mpeni. Pansi anali atayala kale zitsulo za konkire, zina zitaloza kumwamba. Anatchingapo ndi kariboni kapulasitiki kofiira ndi koyera, kofika m'chiuno. Kwa munthu woona n'kokwanira. Ndodo ya munthu wosaona imadutsa pansi pake osakhudza chilichonse.

Kariboniko kanali katadukapo pamalo amodzi, kakuuluka ndi mphepo.

Ndinayandikira. Sindinkafuna kuyang'ana, koma ndinayang'ana. Pansi, pakati pa zitsulo, panali ndodo yoyera.

Ndinagwada m'dothi lija. Ndinkafufuza ndi maso malaya abuluu, nsapato, dzanja. Ndinaganiza kuti mwina awatenga kale. Ndinaganiza za mwana wawo, za mawu amene ndikamuuze, kuti bambo ako ndawapha ndi singano yanga.

"Mayi a telala! Kuno!"

Anali mawu a ng'ombe aja. Chiphaliwali anali ataima pakhomo la shedi yake yakale, imene tsopano inali yopanda denga. Mkati, pa chigubu chozondotsa, panakhala achimwene. Manja awo anali pa maondo. Kolala inali itagwa mbali imodzi.

Ndinawagwira kumaso, m'mapewa, m'miyendo. Analibe bala.

"Ndinabwera kudzatola zitsulo zanga zotsala," anatero Chiphaliwali. Nayenso mawu ake sanali bwino. "Ndikungoona mdala akubwera ngati msilikali, liwiro limene sindinamuonepo nalo. Ine ndili uko, kutali. Kuthamanga sindikanafika. Ndikati ndikuwe kuti imani, mwina aganiza kuti ndikuuza galimoto, mwinanso adzidzimuka n'kulumphira kutsogolo. Ndiye ndangokuwa zathu zija."

"Ndipo ndinaima," anatero achimwene motsitsa. "Ndinaima kuti ndimutukwane. Potembenuka ndodo inapita pansi, osagunda kanthu. Ndinaimva ikugwa, chemwali. Inatenga nthawi."

"Phazi limodzi linali m'malere," anatero Chiphaliwali. "Ndipo lero sanandiyankhe. Ndasamba chabe."

Palibe anaseka. Ndinawauza pomwepo zimene ndinachita. Ndinafotokoza za choko, za kutembenuza, za batani. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Anangomvetsera, mutu uli pansi.

Mmodzi wa okumba atafika anatsika n'kutitengera ndodo. Tinabwerera kunyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi awiri achimwene anandigwira pachigongono njira yonse. Dzanja lawo linali lozizira.

Tsiku lonse anakhala pampando osaluka, osatsegula wailesi. Madzulo anati, "Umuuza mwana?"

"Sindinganame, achimwene."

"Sindinati uname. Ndati umuuza?"

"Ndimuuza."

Anapumira m'mwamba. "Bweretsa nsalu ija."

Ndinali nditaibisa m'dengu la zigamba, ndikufuna kuiotcha. Ndinawapatsa. Anaikhudza kumaso kwake, kenako anaitembenuza. Kuseri kunali ulusi wokhawokha, mfundo, ndi mizere iwiri ya makina pamene panadutsa zipi. Zala zawo zinatsata mizereyo mpaka kumapeto.

"Msewu uli kuno," anatero. "Sunalakwitse mzere ngakhale umodzi. Chotsa batani la alamu uliike mbali ino."

"Musandikhulupirirenso."

"Nanga ndikhulupirire ndani? Kariboni?"

Mwana anabwera Lachitatu ndi chikwama chopanda kanthu cholongezeramo zovala zawo. Ndinamuuza zonse, osachotsapo. Analira, anandikalipira, ndipo ndinalandira, chifukwa zinali zanga. Atatha, bambo ake anati, "Unati ndikapunthwa. Sindinapunthwe. Ndinaima." Anakangana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza mwanayo anasiya chikwama chija pansi pa bedi lawo. "Chikhale pomwepo," anatero. "Ndisamve chachiwiri."

Ndinapita kwa mayi wa mapulani ndi nsalu ija. Anaigwira nthawi yaitali. Sabata yomweyo pa ngalande anaikapo malata m'malo mwa riboni, ndipo tsopano akafuna kukumba pena amanditumizira uthenga. Komabe sindidalira uthenga wokha. Madzulo alionse dzuwa lisanalowe ndimayenda msewuwo ndekha, kukwera ndi kutsika, ndikuwerenga mapazi. Ndikapeza mulu wa mchenga kapena mtengo watsopano, ndimabwera kudzausoka, ndipo ndimajambula kumaso kwa nsalu, choko chionekere. Chiphaliwali ali kuseri kwa masitolo tsopano, mawu ake safika pa msewu.

Lachinayi, mawa lake mwana uja atabwera, achimwene anaimika kolala n'kutuluka. Ndinadikira kuti akhote, kenako ndinawatsatira chapatali. Pa buledi anaima osatembenuka.

"Chemwali, patapata wako wakumanzere akulira."

Ndinaima.

"Bwerera ukasoke. Ukandimva ndikukuwa ubwere."

Ndinabwerera. Ndinakhala pa makina, zenera lili lotsegula, phazi lili pa chopondera, osaponda, kuti ndimve bwino. Ndimatero m'mawa uliwonse mpaka nthawi imene ndikudziwa kuti awoloka. Pa mapulani aja patsala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo chikwama chikadali pansi pa bedi.