Makalata a Fainos

A Tobiasi Chikaipa anabadwira m'komboni ya mgodi ku Shamva. Chaka chenicheni sichidziwika bwino: chitupa chimati 1946, eni ake amati 1944. Sukulu analekeza Sitandade 4, koma m'komboni imeneyo anali ophunzira ndithu. Kwa zaka zoposa makumi awiri, akaweruka ku ntchito yopereka nyali kwa olowa pansi, ankakhala pakhonde ndi bolopeni kulembera anzawo makalata.

Ntchitoyi inali ndi vuto lake. Munthu ankabwera, n'kukhala pachitini, n'kunena kuti, "Umuuze ndili bwino. Bulangete likubwera." Basi, wamaliza, pepala likadali loyera. A Tobiasi ankachita manyazi kutumiza kalata ya mizere iwiri, choncho kotsalako ankadzaza okha. Akamuwerengera mwini kalata, iye ankangogwedeza mutu: "Eya, n'zomwezo."

Masiku ano amakhala kwa mwana wawo ku Bindura. Loweruka lina masana kunabwera Mai Ndaziona, amasiye a mnzawo wa ku Shamva, amene amagulitsa tomato pamsika.

"Kuholo ya tchalitchi kwabwera Chido, mwana wa malemu Fainos. Akuti amalemba mabuku. Tiyeni, musamangokhala apa ngati chitsa."

M'holomo munali anthu ngati makumi anayi, ambiri ana a sukulu. Chido, mayi wa imvi zoyamba kumene, anawerenga m'buku lake m'Chingerezi, akumaseketsa anthu m'Chishona. Kenaka woyendetsa mwambo anamufunsa kumene anaphunzira kulemba.

Chido anatulutsa mpukutu wa makalata m'pulasitiki. Anati bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo liwu lawo salikumbuka. Chimene ali nacho ndi makalata amene ankatumizira amayi ake ku famu ku Mazowe. Anapepesa kuti Chichewa chake n'chopunduka, n'kuwerenga pang'onopang'ono:

"Pansi pano kulibe m'mawa, kulibe madzulo. Ndimadziwa kuti kwacha ndikaganiza kuti iwe wadzuka kukathyola malalanje."

A Tobiasi anatchera khutu. Mawuwo anawadziwa asanathe n'komwe. Anawalemba iwo, Fainos ali potero kupichira fodya.

"Munthu amene analemba izi ndiye anandipanga kukhala wolemba," anatero Chido. "Buku lonseli ndi la baba."

Anthu anaomba m'manja. A Tobiasi anagwira ndodo yawo ndi manja onse awiri, n'kutsimikiza mumtima kuti atuluka muno osatsegula pakamwa. Mwanayu bambo ake anali m'mapepalamo. Kumulanda mapepalawo kunali kumuikitsa maliro kachiwiri.

Koma Mai Ndaziona makutu anayamba kuwavuta, ndipo akamati akunong'ona, amamveka mpaka kumsewu.

"Fainos uti? Uja ankasaina ndi chala? Si munkamulembera ndinu, a Tobiasi?"

Anthu onse anatembenuka. Mtsikana amene ankajambula ndi foni anatsitsa mkono. Woyendetsa mwambo anayesa kufunsa ngati pali funso lina, koma Chido anali atatsika kale. Anafika pa benchi yawo, n'kunjuta, n'kuwapatsa kalata ija.

"Sekuru, ndi zoona?" anafunsa, akuwatchula agogo m'Chishona.

A Tobiasi anayang'ana. Zilembo zopendekera kumanja zija, zawo zomwe.

"Dzanja ndi langa, mwanangu."

"Nanga mawu?"

Akanatha kungoti "ake," nkhani n'kuthera pomwepo. Mai Ndaziona, amene tsopano anali atagwira pakamwa, ankawagunda ndi chigongono kuti atero. Koma Chido ankawayang'ana m'maso, ndipo a Tobiasi bodza linawakanika.

"Ambiri ndi anga. Bambo ako sanali munthu wolankhula."

Chido anayang'ana mapepala ali m'manja mwake. Atayankhula, liwu linali laling'ono.

"Palibe ngakhale amodzi awo?"

A Tobiasi anapempha mpukutu wonse. Anavala magalasi, n'kudutsa za malalanje, za mwezi, za mvula ya ku Dedza imene Fainos sanaionepo. Chala chinakaima pansi penipeni pa pepala, pa kamzere kopanikizika, kolembedwa mothamanga: "Chido asamayende opanda nsapato, m'mundamo muli minga."

"Awa. Ankachita kubwerera ali pamsewu kudzandiuza, ine envulopu nditamata kale. Ndinkamukalipira. Nthawi zonse, zomwezomwezo."

Chido anatsegula kalata yachiwiri. Kamzereko kanalipo. Yachitatu, kanalipo. Yachinayi inati asamasewere kungalande.

"Izi m'buku ndinazichotsa," anatero, osayang'ana munthu. "Ndinkaona ngati zikuononga kalata."

Kutsogolo sanabwererenso. Anakhala pa benchipo, pakati pa a Tobiasi ndi Mai Ndaziona, kumatsegula makalata otsala imodziimodzi, akuyambira pansi. Woyendetsa mwambo anakhala chiimire ndi maikolofoni m'manja, kenaka anaiika patebulo.