Tsiku Limene Lemani Anasiya Jeke

Lemani anabwera kuno ku Wimbe kudzakhala chikamwini ali mnyamata, atanyamula khasu ndi kathumba ka zovala. Kwawo ndi ku Lukwa. Anakwatira Lefina, namanga nyumba pamene alamu ake anamulozera, nayamba kulima fodya pamunda umene anamubwereka. Imvi zamupeza ali pomwepo, koma munda sunakhalepo wake. Ana ake awiri, Goodness ndi Olive, pamwambo wathu ndi mbumba ya a Zakeyo, mchimwene wake wa Lefina.

Ine ndimasoka matumba pakhonde la chigayo, ndipo ndimaona odutsa. Lemani ndinkamudziwa ngati munthu wa mawu amodzi: chabwino. Ukamubwereka njinga, chabwino. Alamu ake akasuntha malire a munda, chabwino. Manja ake anada ndi utomoni wa fodya moti sopo anawalephera kalekale.

Chaka chatha Olive, amene anali Fomu 2, anayamba kubwera kuchigayo wopanda chimanga. Ankakhala pansi, msana atatsamira khoma la kuinjini, pamene phokoso limagwedeza mano. Magetsi akazima ankatseka makutu ndi manja.

Tsiku lina ndinamufunsa. "Iwe mwana, phokoso lonseli sukulimva?"

"Ndikulifuna, agogo. Chigayo chikamalira, iwo aja samveka."

"Ndani?"

"Sindiwadziwa. Mwamuna ndi mkazi. Amanditukwana. Amati ndine galu, ndikadziponye m'chitsime."

Anandiuzanso kuti a zaumoyo atabwera kusukulu ananena kuti zotere ndi matenda, ndipo kuchipatala amathandiza. Mwana yekha ankadziwa kumene akufuna kupita. Anapempha bambo ake. Lemani anavomera, koma mkamwini satenga mwana wodwala kupita naye kutali mwinimbumba asanalole. Choncho anapita kwa alamu ake, chipewa chili m'manja.

A Zakeyo ndi mkulu wa mpingo, munthu wa nthabwala, wokondedwa pamaliro ndi paukwati pomwe. Anaseka.

"Alamu, mwabereka mneneri, ndiye mukudandaula chiyani? Mumufunse mitengo ya kuokushoni chaka chino."

"Mwanayu sakugona, alamu. Sakudyanso."

"Tamverani. Goodness akumufunsira anthu a ku Chamama, ndipo ankhoswe awo ali mkati mofufuza mtundu wathu. Akangomva kuti kuno kuli wopita ku Zomba, ukwati watha. Chinkhoswe chidutse kaye. Pakali pano timupempherera."

Lemani anati chabwino.

Kenaka kunabuka mphekesera yoti Olive amatsata amuna kuchigayo. A Zakeyo anabwera okha, namukoka dzanja pamaso pa azimayi odikira ufa. Ena anaseka. Sukulu anamuletsa. Kuti anthu asamamuone, anamuika m'chigafa azisankha fodya.

M'mudzi muno mulibe malo achete kuposa m'chigafa. Masamba ouma amangolendewera pamikangala, mphepo ikawomba amachita ngati anthu akunong'onezana. Mwana amene ankathawira kuphokoso kuti apume anamukhazika mmenemo yekha, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Akulu a mpingo ankabwera, kumusanjika manja, kumufuulira m'khutu kuti chiwanda chituluke, kenaka kukamwa tiyi kwa a Zakeyo. Palibe mmodzi anamufunsa mwanayo chimene akumva. Ndinakauza Lemani zimene ndinaona kuchigayo. Anangoyang'ana pansi.

Jeke yodindira mabelo kuno ndi imodzi, imayenda khomo ndi khomo. Ikakudutsa, umadikira mudzi wonse uthe, fodya wako akuwonongeka m'chigafa. Tsiku la Lemani litafika, anandiitana kuti ndikasoke ziguduli za mabelo. A Zakeyo analiponso, akulamula atakhala pampando.

Belo lachiwiri lili mkati, Lefina anapita m'chigafa kukatenga ndindi zina, timitolo ta fodya. Anatuluka akuthamanga. Olive munalibe.

Anamupeza kudambo, pachitsime chothiririra nazale. Anali atakhala m'mphepete, miyendo ili m'kati. M'makutu anali atatsindiramo zinyenyeswa za fodya mpaka khutu limodzi likuchucha magazi. Mayi ake atamugwira, anangoti, "Amayi, ndatopa kuwakana."

Lemani anabwera naye atamubereka kumsana ngati khanda. Sanayang'ane jeke. Analowa m'nyumba, natulutsa njinga, nayala chitenje pakaliyala.

A Zakeyo anaimirira panjira. "Alamu, ulendo wa kuti? Jeke ikudikira."

"Kuchipatala."

"Wakulolani ndani?"

"Palibe."

"Iii, tamuonani mkamwini wakula! Mwana ameneyu ndi wathu. Inu munabwera ndi khasu basi."

"Ndinabwera ndi khasu, eya." Mawu a Lemani anakwera, moti anyamata a jeke anasiya chogwirira. "Ndakulimirani, ndakufolererani nyumba, ndakumbira manda abale anu. Munanditcha kapolo pamowa, ndinati chabwino. Lero mwana wanga wapezeka pachitsime, inu mukundiuza za jeke? Akamalira osagona mumamumva ndinu? Mumafuna tichite chinkhoswe kapena maliro?"

"Mukadutsa pano, munda uja muuiwale."

"Tengani. Tengani ndi fodya yemwe."

A Zakeyo anatembenukira kwa mlongo wawo. "Lefina, ukumumva mwamuna wakoyu?"

Lefina sanayankhepo mchimwene wake mokweza chibadwire. Anakweza Olive pakaliyala, namumanga ndi chitenje m'chiuno mwa bambo ake kuti asagwe. Atatha anati, "Achimwene, tachokani panjira."

Goodness anali ataima pakhomo akulira. "Amalume, ngati ukwati wake ndi wotero, ukhale," anatero.

Njinga inadutsa. Jeke inanyamulidwa masana omwewo kupita khomo lina, belo la Lemani lili theka. Ine ndinapinda ziguduli zanga.

Pachipatala chaching'ono anamutsuka makutu, nawatumiza ku boma ku Kasungu. Kumeneko wachipatala anakhala naye pansi Olive, namufunsa mafunso, namumvetsera mpaka anamaliza. Sanamumange, ndipo ku Zomba sanapite. Anamupatsa mankhwala, namuuza kuti azibwera mwezi ndi mwezi. Poyamba mankhwalawo ankamugonetsa kwambiri, anachita kumusinthira. Mawu aja sanatheretu. Iye amati tsopano amamveka ngati wailesi ya khomo lachitatu, ndipo masiku ena samveka n'komwe. Wabwerera kusukulu, wabwereza kalasi. Anzake ena amamutchabe wamisala.

A Zakeyo anasunga mawu awo. Munda anaupereka kwa mphwawo wina. Fodya wa Lemani anadindidwa mochedwa, wina atachita nkhungu. Chaka chino akulima kamunda kobwereka ku Lukwa, amapalasa njinga m'mawa uliwonse, munthu wa imvi. Tsiku la kuchipatala likafika, khasu amalisiya.

Chinkhoswe cha Goodness chinachitika. Anthu a ku Chamama nkhani yonse anali ataimva kale, ndipo mayi a mnyamatayo anangofunsa ngati mwana akupezako bwino. Pamwambowo a Zakeyo anavala jekete, nalankhula nthawi yaitali za mmene iwo amasamalira mbumba yawo. Anthu anawomba m'manja. Lemani anakhala kumbuyo, pafupi ndi njinga. Ine ndinanyamuka asanamalize.

Sabata yatha Olive anabwera kuchigayo atasenza chimanga. Anatula thumba pamzere, nabwera kudzakhala pakhonde pafupi ndi ine, kutali ndi injini.

"Agogo," anatero, "inu mumakhala bwanji pano tsiku lonse? Phokoso limeneli likundipweteka mutu."