Munthu Amene Ananyamula Maliro a Bambo

Chaka chimene bambo anamwalira ndi chomwenso a boma anabwera pa Nsaru ndi galimoto ya zimkuzamawu. Anati kwabuka anthu oba anzawo n'kukawachotsa ziwalo, choncho tichenjere ndi alendo. Anasankha komiti, naipatsa mawezulo ndi malaya onyezimira, kenako anaimbitsa nyimbo n'kubwerera ku Lilongwe. Momwe anthu oipawo amanyengerera anzawo, sananene. Amalume anga analowa m'komitimo, ndipo malaya ajawo ankawavala ngakhale popita kudimba.

Amene anaona zakuda ndi matenanti a kuesiteti ya fodya, ochokera ku Phalombe ndi ku Mulanje. Munthu wosauka, wopanda nsapato, akangolankhula mosiyana nafe, wezulo! Ankamukhazika padzuwa n'kumamufunsa ngati mbava.

Bambo anatsirizikira kuchipatala cha m'tauni, ife tilibe poyambira. Amene anatithandiza ndi bambo wina amene ankagula mtedza pamsika, wa galimoto yoyera. Ananyamula maliro mpaka pakhomo, anagona pa siwa, kumanda anapita nawo. Kwathu kuno munthu amene wakunyamulira maliro sumufunsanso kumene achokera. Wasanduka m'bale basi.

Titamaliza kukolola, bambo uja anabwera ndi nkhani yoti kuli ntchito ya pa famu kutsidya kwa malire, kupitirira Mchinji. Koma ofuna ntchitoyo ayambe ayezetsa magazi. Anapita nawo anyamata angapo, ndipo mwa onsewo anangosankha mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga. Ndiye anali mzati wathu bambo atapita. Belo la fodya ankalikweza yekha pangolo, mkazi wake ali ndi mwana wakhanda kumsana.

Ine mtima unakana. Ndakulira pakati pa maesiteti, ndipo sindinaonepo wolemba ntchito ya khasu akufuna magazi. Amayang'ana manja ndi msana. Ndinapita kwa amalume, poti iwo ndiwo anali boma lathu.

"Amalume, kodi munthu uja mwamufunsa kumene akumutengera mwanayu? Famu yake dzina lake n'chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Iwe, ulibe manyazi eti? Munthu amene ananyamula bambo ako! Ukufuna ndikamuimbire wezulo ameneyo? A boma anati alendo. Uyu ndi mlendo?"

"Nanga kwawo mukukudziwa?"

"Choka apa. Nsanje basi, poti mwayi wagwera mlongo wako."

Tsiku lonyamuka, amalume omwewo anachotsa mtengo umene komiti inkatsekera msewu, naweramira galimoto yoyera ija, manja ali pamodzi. Pambali pomwepo panali tenanti wina atamukhazika pansi chifukwa chonyamula thumba la madeya.

Mvula inagwa, tinadzala tokha ndi mlamu wanga. Foni ya mlongo wanga sinkapezeka. Wogula mtedza uja pamsika sanaonekenso. Ndinakanena kumene a boma anatiuza kuti tizikanena, ndipo anandifunsa ngati mlongo wangayo anamugwira mokakamiza. Ndinati ayi, anakwera yekha. Anati ndiye ndidikire, wamkulu ameneyo, abwera. Ndinatuluka nditakwiya. Kodi ankaganiza kuti anthu amenewa amabwera ndi zingwe?

Mlongo wanga anabweradi, chimanga chitayamba kumasula. Anamutsitsa pa Msundwe anthu osawadziwa, iye n'kupeza wa kabaza womufikitsa kumudzi. Anali atawonda, akuyenda chowerama, m'nthiti muli chipsera chachitali. Anati atangofika kutsidya kuja, anthu akumeneko anamuuza kuti magazi aonetsa matenda a m'mimba ofunika opaleshoni asanayambe ntchito. Atadzuka anamusunga m'chipinda, kenako anati ntchito yatha. Ndipo iye ankawayamikirabe kuti anamuchiritsa ulere!

Khasu linamukanika. Ndowa ya madzi yokha inkamukhalitsa pansi. Amalume anati ndi kufooka chabe, adye bwino. Ine ndinamutengera kuchipatala.

Adokotala atamuunika anatiuza kuti impso imodzi palibe, inachotsedwa. Mlongo wanga sanakuwe kapena kulira. Anagwira chipsera chija, natembenukira kwa ine monga ankachitira tili ana akasowa chonena kwa akuluakulu.

"Achemwali, tawafunsani. Kodi imameranso?"