Njoka ya pa kandalama ka apadiri

"Ukakumana ndi munthu wa mfuti, ukhale chitsiru." Amayi anandichenjeza motero nkhondo itafika kwathu ku Mualadzi, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinavomera ndi mutu wokha.

Pakona ya kapulana yanga, nsalu yomwe ndinkavala, ndinali nditamanga kandalama kakale. Ndinakatola pamishoni apadiri atathawa. Kanali kobiriwira, konunkha ngati mpeni wadzimbiri. Mbali ina kunali mutu wa mfumu ya Aroma, mbali ina njoka yodzipinda, ya tsitsi ngati la munthu. Apadiri ankationetsa kusikola, n'kunena kuti anthu a chigawo china cha Aroma ankapembedza njokayo, ndipo ankaifunsa zam'tsogolo.

Tsiku lomwe tinkathawira kumalire, ku Cassacatiza, dzuwa lili pamutu, amuna asanu a mfuti anatulukira m'chimanga chouma. Ankafuna mchere. Mmodzi anamasula mfundo yanga, kandalama n'kugwa pafumbi.

"Chithumwa cha yani ichi?" anafunsa komandanti wawo.

Ine, wonyadira za kusikola, ndinayankha: "Si chithumwa. Ndi njoka ya Aroma, inkauza anthu zamawa."

Komandanti ananjuta, nkhope yake pafupi ndi yanga, akununkha utsi ndi thukuta.

"Ndiye uifunse, mwanawe. Adani athu adzera njira iti mawa? Ukakhala nafe kutchire, uzitiuza."

Mkodzo unatsika m'miyendo mwanga. Wina anali atandigwira kale padzanja.

Amayi anagwada. "Bambo, mwanayu ndi wakuba chabe. Njoka yotere imalankhula ndi mwamuna amene waitola ndi dzanja lake. Mwana wamkazi akakhala pafupi, imakwiya, imanama."

Komandanti anayang'ana kandalamako nthawi yaitali. Anakatola, n'kukamangirira pa lamba wa mfuti.

"Chotsani mwanayo pano. Apite kutali."

Tinayenda mpaka kumalire. Titawoloka m'pamene amayi anandimenya pakamwa, kamodzi kokha, kenako n'kukhala pansi kuyamba kusanza.

Zomwe zinam'chitikira komandanti uja sindidziwa, ndipo sindifunsa. Chomwe ndazindikira ndi ichi: amene anasula njokayo kalekale ndi amene anaimangirira pamfuti anali ndi nthenda imodzi, kuopa mawa. Munthu woopa mawa amagwira aliyense wooneka ngati akudziwa kanthu, ngakhale mwana. N'chifukwa chake adzukulu anga akamalongolola zonse za kusikola pamaso pa alendo, ndimawatsina, iwo n'kumati agogo ndi ovuta.

Maso ayamba kuchita mdima tsopano, ndipo masana ndimakhala ndekha pakhonde. Inu amene mwawerenga izi, mukadzadutsa kuno mudzandizonde. Koma odi mudzayambire kumsewu, ndipo mudzatchule dzina la bambo anu ndisanakuyalireni mphasa.